Nkhope ya Ada Longwe

Uthenga wa maliro a Ada Longwe ndinaumva pa wailesi mwezi watha, ndili pakati posita zovala. Woulutsa anangoti amwalira a Simeoni Longwe a ku Chikale, ku Nkhata Bay, ndipo abale onse afike msanga. Ndinaika simbi pambali n'kukhala pansi. Ndinalira, sindibisa, koma ndili mkati molira ndinapezeka ndikuseka ndekha. Mwa ntchito zonse zimene uthengawu ukanandipeza ndikugwira, kusita ndi yokhayo imene mwini wakeyo akanaivomereza.

Amene anawadziwa m'zaka zawo zomaliza amakumbukira nkhalamba ya mutu woti mbee. Ine ndinawadziwa tsitsi lawo lili bii, ndipo ndinalipo m'tchalitchi tsiku limene anthu anaona mutu woyerawo koyamba. Nkhani imeneyo ndiyo ndikufuna kulemba, chifukwa ndiyo inandionetsa kuti bamboyu anali munthu wotani.

Ndinafika ku Nkhata Bay ndili mtsikana, atanditumiza kuchokera kwathu ku Dedza kuti ndikagwire ntchito yotaipa m'maofesi a pa boma. Anali masiku aja a chipani chimodzi, pamene kumene akutumiza unkangopita osafunsa. Chitonga sindinkamva ngakhale liwu limodzi. Ada Longwe anali kalaliki wamkulu, woyang'anira mafayilo ndi ife otaipa. Tsiku loyamba anandifunsa chiwongo. Nditati ndine Naphiri, anati kuno kulibe Naphiri, kuli NyaPhiri, ndipo dzinalo landikakamira mpaka lero. Poweruka ananditengera kwawo ku Chikale n'kundipereka m'manja mwa akazi awo, Ama NyaManda. Anati mwana wa eni ake sangakhale yekha m'nyumba ya boma asanadziwe kusiyanitsa nsomba ya lero ndi ya dzulo, zimene malinga ndi iwo palibe munthu wa ku Dedza amene amazitha. Ndinakhala nawo miyezi itatu.

Atonga amadziwika ndi kutchena, koma Ada Longwe anawaposa onse. Unyamata wawo unathera ku Joni, kumene anagwira ntchito m'hotela, ndipo anabwerako ndi masuti atatu komanso chikhulupiriro choti munthu wa malaya amakwinya sangakhale ndi maganizo owongoka. Njira ya ku Chikale ndi ya zitunda, chilimwe fumbi, dzinja matope. Iwo ankayenda ndi nsapato zakale, zabwino zili m'kachikwama. Akafika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi ofesi ankasintha, n'kulowa ngati munthu wotsika m'galimoto. Malaya ankasita okha. Ama NyaManda anayesapo kamodzi atangokwatiwa, kolala inapindika molakwika, ndipo patatha zaka makumi atatu kolala imeneyo inkatulukabe pa mkangano uliwonse wa m'nyumbamo.

Ngakhale achinyamata a chipani oima pa chipata cha msika anawatopa. Akawafunsa khadi la chipani, Ada Longwe sankakana. Ankaika chikwama pansi, kumasula mabatani a jekete limodzi limodzi, kufunafuna magalasi, kuwapukuta, kenako kuyamba kutsegula kachikwama ka chikopa, mzere wa anthu ukutalika kumbuyo kwawo. Patapita nthawi anyamatawo akawaona akubwera ankangoti pitani bambo.

Mu ofesi anali ovuta, ndipo mwezi woyamba ndinadana nawo. Kalata ikakhala ndi cholakwa chimodzi ankaibweza osanena kuti cholakwacho chili pati. Ankakonda kutiuza kuti kwa bwana, kwa dokotala ndi kwa Mulungu munthu amapita atadzikonza, chifukwa atatu onsewo ali ndi mphamvu pa iwe ndipo si bwino kuwaonetsa kuti watha. Tinkaseka mawuwa kuseri, osadziwa kuti ndi amene adzawazunze pafupifupi zaka ziwiri. Tsitsi lawo ndi ndevu za pamlomo zinali zakuda kuposa za ife ana, pamene anzawo amene anali nawo ku Joni anali atachita imvi kalekale. Ukawafunsa chinsinsi ankati n'kudya mitu ya nsomba, moti anyamata ena a mu ofesi anayamba kulimbirana mitu pa nthawi ya chakudya.

Koma chimene ankanyadira kuposa masuti chinali ukulu wa mpingo. Mu mpingo wathu wa ku Nkhata Bay mgonero unkachitika kanayi pa chaka, ndipo zikho zinali ziwiri zokha. Abusa ankapereka chimodzi kwa mkulu woyenda mbali ya kumanja, kumene kunkakhala abambo, china kwa woyenda kumanzere, kwa ife amayi. Cha kumanzere chinali cha Ada Longwe. Cha kumanja chinali cha Ada Mhone, bambo wamfupi wadazi, amene ankakangana nawo pa chilichonse, kuyambira penti wa zitseko mpaka liwiro la nyimbo. Ada Longwe akanyamula chikho ankayenda pang'onopang'ono. Ankaweramira aliyense, kaya ndi mkazi wa bwana kaya wogulitsa usipa, ndipo ukamwa ankapukuta m'mphepete ndi kansalu koyera kamene anakasita okha.

Matendawo anayamba ngati zocheza. Lolemba lina anabwera ku ntchito akukanda pachipumi. Lachiwiri zikope zinali zitatupa, makutu atafiira, ndipo pamlomo wa m'mwamba panali timatuza tochucha madzi. Pakapita masabata awiri kapena atatu khungu linkauma n'kumasendeka, nkhope n'kubwerera m'malo mwake. Tikati zatha, zayambanso.

Ku chipatala anayesa zonse zimene akanatha. Anawapaka mankhwala oyera aja oziziritsa khungu, anawabaya jakisoni, anawapaka jivi. Taganizani munthu ngati ameneyo, tayi pakhosi, nkhope ili mawangamawanga a jivi ngati mwana wa chipere. Ku ntchito sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Wina anati asiye sopo wonunkhira, anasiya. Wina anati vuto ndi lezala, anagula latsopano. Wina anafika powauza kuti asiye nsomba mwezi wathunthu, ndipo Mtonga wa ku Chikale anamvera, n'kumadyera kondowole nyemba uku akung'ung'udza. Anawonda, koma nkhope sinasinthe. Anakwera basi kupita ku Mzuzu, kenako anapempha tchuthi n'kupita ku chipatala cha mishoni cha kumapiri. Ulendo uliwonse ankaukonzekera motsata lamulo lawo lija: kusita, kupolisha nsapato, kenako kudzitsekera m'bafa nthawi yaitali ndi beseni ndi kagalasi. Ndipo nthawi zonse ankafika pamaso pa dokotala nkhope itaipa kuposa masiku onse.

Liwu limene aliyense ankaopa kulitchula linali khate. Anawayeza. Anawatsinzinitsa n'kumawakhudza ndi kathonje m'masaya kuti anene ngati akumva, anawacheka pang'ono kukhutu, ndipo anapeza kuti si khate. Anawapatsa chikalata, chimene iwo ankayenda nacho m'kachikwama limodzi ndi khadi. Koma ndani amawerenga chikalata mumsika?

Amayi ogulitsa nsomba ndiwo anayamba kuwerengera masiku. Anaona kuti matendawo amabuka kwambiri pa Lamulungu la mgonero, ndipo sanali kunama. Manong'onong'o anasintha. Tsopano sikunali khate, chinali chilango cha munthu wonyamula chikho ali ndi tchimo lobisika. Ena ankati anataya mkazi ndi ana ku Joni. Ena, motsitsa mawu, ankati ndi iwo amene anakanenera mphunzitsi wina amene anatengedwa pa galimoto chaka chimenecho osabwereranso. Masiku amenewo mphekesera yotere inkatha kumumaliza munthu akadali moyo, chifukwa panalibe kumene ukanakaima n'kuikana.

Kenako linafika Lamulungu limene sindifuna kulikumbukira. Ada Longwe ananyamula chikho monga mwa nthawi zonse, nkhope itatupa, maso akungooneka pang'ono. Mayi woyamba anachilandira, anachifikitsa pakamwa, osamwa, n'kubweza. Wachiwiri chimodzimodzi. Inenso, NyaPhiri amene ndinadya m'nyumba mwawo miyezi itatu, ndinachigunditsa pamilomo yotseka. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi. Amene anamwa ndi Ama NyaManda ndi agogo awiri osaona bwino. Kumanja Ada Mhone anakadzazitsa chikho chawo kawiri. Ada Longwe anabweza chawo patebulo chili chodzaza, ndipo munthu amene wanyamula chikho zaka zonsezo amadziwa kulemera kwake.

Lachitatu abusa anapita ku Chikale. Anawauza mwaulemu kuti akulu agwirizana kuti apume kaye pa chikho, ndipo ngati nkhaniyi siimveka mgonero wotsatira usanafike, bwalo la akulu lidzasankha wina. Potsanzika anawafunsa ngati pali chimene akufuna kuulula. Ama NyaManda anandiuza kuti abusa atachoka, amuna awo anakhala pakhonde mpaka tiyi anazizira, ndipo kanali koyamba kuwaona atamasula tayi dzuwa likadali pamutu.

Amawo anali ndi yankho lawo. Anati awa alodzedwa ndi munthu wofuna mpando wawo ku ofesi, ndipo kuseri kwa phiri kuli sing'anga wodziwa ntchito. Ada Longwe anakaniratu. Anati mkulu wa mpingo akangoponda kwa sing'anga, ndiye kuti tchimo limene anthu akulifunafuna wawapatsa yekha. Anakangana sabata yathunthu, mpaka kolala ija inatuluka.

Zilondazo zitayamba mafinya anawagoneka m'chipatala. Wowayang'anira anali a Mbewe, bambo wachinyamata wa ku Dowa, wothandizira dokotala, ngakhale tonse tinkangoti adokotala. Anakhala m'wodi masabata atatu, ndipo nkhope inaphwa, khungu n'kusalala. Chodabwitsa n'chakuti sabata yachiwiri anameta ndevu zonse n'kuyamba kuvala chipewa pabedi. Ankati mutu ukuzizidwa, ku Nkhata Bay, mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Anatuluka Lachisanu akuyamika jakisoni. Loweruka anadzitsekera m'bafa kukonzekera za kutchalitchi. Lolemba anabwerera ku chipatala atawagwira dzanja, maso atatsekeka.

Zimene zinachitika m'kachipinda ka a Mbewe anatifotokozera okha Ada Longwe, kambirimbiri, uku akuseka, ngakhale tsikulo panalibe choseketsa. A Mbewe anawayang'ana nthawi yaitali. Lachisanu lija, powatulutsa, anali ataona kamzere koyera m'munsi mwa chipewa, pafupi ndi khutu, koma tsopano pamalopo panali bii. Anaonanso kuti zotupazo zikutsata malire a tsitsi, pachipumi, m'makutu ndi kumbuyo kwa khosi, pamene mlomo, umene unalibenso ndevu, unali bwinobwino. Anapempha Ama NyaManda kuti akadikire panja.

"Bambo, mundikhululukire, ine ndine mwana kwa inu," anatero a Mbewe. "Kodi m'mutumu mumapakamo chiyani?"

"Mafuta basi, adokotala. Tsitsi langa n'lachibadwa."

"Ndakumvani, bambo. Koma Lachisanu ndinaona imvi apa."

Ada Longwe ankati anayang'ana chitseko, anayang'ana zenera, n'kuona kuti pothawira palibe. Anaulula. Imvi zinawayamba asanakwane zaka makumi anayi, ali ku Joni, kumene mzungu wa pa hotela ankachotsa ntchito aliyense wooneka kuti wakula. Mnzawo wina anawaonetsa kabotolo ka dayi wodetsa tsitsi, ndipo kuyambira pamenepo sanasiye. Atabwerera kumudzi, mphwawo amene anatsala ku Joni ankawatumizira pa positi. Ku Nkhata Bay amene ankadziwa ndi Ama NyaManda okha, ndipo anawalumbiritsa kuti asadzauze munthu. Ankapaka kukakhala chinthu chachikulu: mgonero, alendo ochokera ku likulu, ulendo wa kwa dokotala. Anafunsa kuti nanga bwanji ziyambe tsopano patatha zaka zonsezi, ndipo a Mbewe anati thupi limatha kulandira chinthu zaka zambiri kenako n'kudzachikana. Pofuna kutsimikiza, anaitanitsa kabotoloko, anawapaka kadontho pamkono n'kumatapo pulasitala. Patapita masiku awiri pamalopo panatuluka thuza.

"Mankhwala anu n'kusiya basi," anatero a Mbewe. "Za kabotoloka sindiuza munthu. Zimenezo zili kwa inu."

Ambirife tikanangosiya mwakachetechete. Koma Ada Longwe anaona patali. Nkhope ikachira popanda chifukwa chodziwika, anthu adzati aulula kwa abusa mobisa, kapena apita kwa sing'anga, ndipo nkhani ya mphunzitsi uja idzawatsata mpaka kumanda. Chikho angawabwezere, koma amayi adzamwa akukayika. Ankadziwanso mtengo wa kuulula. Kupatula kusekedwa, mutu woyera ukanakumbutsa mabwana kutsegula fayilo yawo, m'mene zaka zolembedwa zinali zocheperapo pang'ono poyerekeza ndi za mwini wake.

Anameta mpala, anapempha tchuthi, n'kukhala panyumba osaonekera. Kutatsala sabata imodzi kuti mgonero uchitike, analowa m'tchalitchi atavala suti yawo yakuda. Enafe sitinawazindikire. Mutu unali mbee, nkhope yosalala ngati sinadwalepo. Zolengeza zitatha anaimirira n'kupempha abusa kuti anenepo mawu. Anayenda mpaka kutsogolo, anatulutsa kabotolo m'thumba la jekete, n'kukaika patebulo. Analankhula m'Chitonga, chimene panthawiyo ndinali nditayamba kumva.

"Abale, mwakhala mukunena kuti ndili ndi tchimo lobisika. Simunaname. Ndi ili apa. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikukuonetsani mutu umene si wanga. Mulungu anandipatsa imvi, ine ndinazikana, ndipo nkhope yanga ndiyo yalipira. Khate ndilibe. Munthu sindinamunenerepo. Ndine nkhalamba yonyada, basi. Ndipo inu anyamata amene mwakhala mukudya mitu ya nsomba, ndikhululukireni."

Kenako kumbuyo kwa ife amayi wina analephera kudzigwira, ndipo kuseka kunafalikira mabenchi onse. Ada Mhone anaimirira akusisita dazi lawo. Anati kwa zaka makumi awiri akhala akupempha Mulungu kuti awakhululukire tchimo losirira tsitsi la mnzawo, ndiye akufuna bwalo la akulu liwauze kuti mapemphero onsewo awabwezera ndani. Abusa anabisa nkhope m'mpango. Ine ndinaseka misozi ikutsika, ndipo misoziyo sinali ya kuseka kokha.

Lamulungu lotsatira Ada Longwe anawabwezera chikho cha kumanzere, ndipo anakachidzazitsa katatu, chifukwa amayi tinkamwa mopyola, ngati njira yopepesera. M'miyezi yotsatira mitu ya akulu ena awiri inayamba kuyera pang'onopang'ono, ndipo palibe amene anafunsa.

Chimene ankaopa ku ofesi chinachitikadi. Chaka chisanathe kunabwera mawu ochokera ku likulu akuti apume. Kalata yowadziwitsa ndinaitaipa ndine. Anaiwerenga n'kundibwezera osanena kanthu, ine n'kumati akwiya. Nditaiyang'ananso ndinapeza kuti ndinadumpha chilembo chimodzi pa mzere wachitatu. Ndinaitaipanso. Anasaina kuti alandira, nati, "Yewo, NyaPhiri. Tsopano mwaidziwa ntchito."

Za chikho chija sindinawapepese. Ndinkangoti ndidzanena, ndidzanena, mpaka ananditumiza ku Lilongwe. Ndikhulupirira kuti ankadziwa aliyense amene anatseka milomo tsiku lija, koma sanamutchulepo ngakhale mmodzi. Atapuma ntchito anakhalanso zaka zambiri akunyamula chikho chawo, matenda osabwereranso. Imvizo anayamba kuzinyadira moti ankazipesa katatu pa tsiku. Ndamva kuti chaka chomaliza miyendo inkawavuta, ndipo ankayenda chigongono chikutsamira mabenchi, koma sanalole kuti wina awanyamulire.

Popita ku maliro awo basi inandichedwetsa, ndinafika atawaika kale. Ndinakhala ndi Ama NyaManda mpaka Lamulungu, limene linali la mgonero. Pa benchi ya akulu, amuna asanu ndi awiri anapanikizana mbali imodzi n'kusiya mpata kumapeto. Abusa amene alipo tsopano anapemphera, ananyamula chikho cha kumanja n'kupereka. Ananyamula chachiwiri, anatembenukira kumanzere, n'kutambasula manja osayang'ana, monga anazolowera. Panalibe wochilandira. Akulu anali atasankha kale wolowa m'malo, koma bamboyo anangokhala pamene anali, maso pansi. Abusa anaima choncho, chikho chili m'manja. Ife amayi a kumanzere tinadikira, ndipo palibe mmodzi mwa ife amene anafuna kuti wina afulumire kudzuka.